Hannes Amene Bambo Elof Ankamuitana

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu, inu amene mwatenga kankhani aka m'manja. Ndikuthokoza Mlengi amene watidutsitsa m'chisanu china, dzuwa n'kubwereranso pamtsinje wathu wa Torne, kuno kumpoto kozizira, kumalire a Aswidishi ndi Afinishi. Ndikuthokozanso mnansi wanga Gunvor, amene wandilola kufotokoza zimene zinachitika m'nyumba mwake Isitala itayandikira.

"Taona mphuno yangayi, Gunvor! Uione bwinobwino, usayang'ane kumbali."

Sixten, mwamuna wake wa Gunvor, anali chiimire pakati pa khitchini, atatseka mphuno ndi kansalu kamene kanali katafiira kale.

"Ndaiona. Sinathyoke. Khala pansi uweramitse mutu."

"Sinathyoke! Ndiye tidikire ithyoke? Munthu ndikuwameta ndevu mwaulemu, ndangogwira tsaya kuti lezala adutse, basi chibakera. Nkhalamba yotere, koma dzanja ngati la wodula mitengo."

"Ntchito yawo inali yomweyo, yodula mitengo."

"Ndatsimikiza lero. Mphuno yanga ndiyo mboni."

Bambo Elof, bambo ake a Gunvor, anali pampando wawo wa pawindo, tsaya lina lometa, lina lili ndi thovu. Ankagwedezeka uku ndi uku, akubuula mawu amodzimodzi.

"Hannes... Hannes..."

Matenda oiwalaiwala anali atawalanda zambiri. Anawalanda njira ya kunyumba ya mapemphero, mayina a anansi, kenaka Chiswidishi chonse, n'kuwasiyira Chifinishi cha kuno chimene anayamwira. Chilankhulo chimenecho Gunvor sankachimva, chifukwa bambo ake sanamuyankhulepo nacho ali mwana. Sixten ndiye wa kumwera, sankadziwa ngakhale moni wake. Pa zonse zimene nkhalambayo inkayankhula, awiriwa ankatolapo dzina limodzi lokha, la Hannes, mchimwene wawo amene anamira kalekale akuyendetsa mitengo yodulidwa pamtsinje.

Gunvor anatsegula kachitini ka pashelefu, n'kutengamo kambulu ka shuga.

"Hannes ali kwa Ambuye, Bambo. Musalire. Landirani aka."

Bambo Elof anayasamula pang'ono ngati kamwana ka mbalame, n'kukankhira shugayo m'tsaya. Moyo wawo wonse ankamwa khofi wa m'kambale ataluma kambulu ka shuga, monga achitira akuluakulu onse kuno, ndipo Gunvor anali atazindikira kuti kambulu kamodzi kamawatontholetsa kwa kanthawi. Ankawapatsa akadzuka, akabuula, akakana kusamba, ndi kena kokagona nako.

"Waona? Atonthola," anatero Gunvor.

"Atonthola mpaka shugayo asungunuke. Mvera, Gunvor. Mayi wa kukhonsolo uja waimbanso foni. Malo apezeka kunyumba ya okalamba m'tauni, mbali ija yotseka zitseko. Akuti asunga malowo mpaka Isitala. Ikadutsa apereka kwa wina."

"Sindikufuna kumva."

"Kwinya malaya akowo."

"Za chiyani?"

"Kwinya ndione mkono. Ukuyesa sindinaone dzana akukupotokola pamene unkawapukuta kukamwa? Ine sindidana nawo bambo ako. Ndimawasambitsa, ndimawadula zikhadabo, zimene sindinawachitire bambo anga ondibala. Koma munthu uyu si yemwe uja. Tsiku lina adzakugwetsa pamasitepe, ndiye ine ndidzasamala awiri."

"Kumeneko akawamwetsa mankhwala oti azingogona. Akakhala pampando kuyang'ana khoma, osaona mtsinje."

"Kumeneko kuli anthu odziwa ntchito. Ife tikungoyendera shuga."

Gunvor ananyowetsa kansalu kuti apukute thovu lija, koma atafikitsa dzanja pafupi ndi tsaya la bambo ake, anaona chibakera chikukungika, n'kubwerera.

Masiku otsatira zinthu zinaipiraipira. Bambo Elof anasiya buledi wouma amene ankamukonda. Nyama yofutsa ya mphalapala ankangoinunkhiza n'kuiponya pansi. Chimene chinkalowa ndi keke yonyika mu khofi, ndi timibulu tija. Lamulungu masana amayi a kunyumba ya mapemphero anabwera kudzawaimbira, aliyense ndi mbale yake ya makeke, ndipo pakati pa nyimbo nkhalambayo inayambanso kubuula dzina lija.

"Mwamva?" ananong'ona mayi wina, misozi ili m'maso. "Akumuona mchimwene wawo kutsidya. Nthawi yayandikira, Gunvor. Usawamane kanthu. Chimene akufuna, apatse."

Gunvor anawapatsa. Koma Lachiwiri lake, akuwavula juzi, kolala inakhudza chibwano, ndipo Bambo Elof anamukankha mpaka anakagunda mutu pachitseko cha kabati. Sixten anamudzutsa. Gunvor ndiye anayamba kuyankhula.

"Chabwino. Ukawauze a kukhonsolo. Koma uyambe wakatenga azakhali Aili adzatsanzikane nawo. Sindingawachotse bambo panyumba mlongo wawo osadziwa."

Azakhali Aili ankakhala tsidya lina la mtsinje, ndipo chisanu chonse sanayende chifukwa cha opaleshoni ya m'chiuno. Analowa m'nyumbamo ndi ndodo ziwiri, pakamwa pali patsogolo.

"Mtendere wa Mulungu, ana inu. Sixten, galimoto yako ija ndi ngolo ya mbatata, chiuno changa chatsopano chatsala pang'ono kubwerera kuchipatala chokha. Mphunoyo yatani? Gunvor wayamba kukumenya? Anachedwa."

"Ndi achimwene anu, azakhali."

"Elof? Elof amene ankatulutsa ntchentche pawindo m'malo moipha?"

"Asintha," anatero Gunvor, akuthira khofi. "Sakudya, akumenya anthu. Tsiku lonse amangoitana malemu achimwene anu... amangoitana Hannes."

"Elof kuitana Hannes?" Azakhali Aili anaseka mpaka kutsokomola. "Anthu amene anakanganirana bwato mpaka wina kulowa m'manda? Akanakhala kuti akuitana bwatolo ndikanavomera."

Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mchimwene wawo, n'kuyamba kuwayankhula m'chilankhulo chawo, mofatsa, akuwasisita dzanja. Bambo Elof anatukula mutu. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anabuula mawu aja. Gunvor anatambasula dzanja kuti atenge kachitini.

"Siya chimenecho!" Azakhali Aili anamenya ndodo pansi. "Wati amaitana ndani?"

"Hannes."

"Tamvetsera, mwanawe. Tsegula makutu."

Nkhalambayo inabuulanso.

"Hammas," anatero azakhali Aili, akutchula pang'onopang'ono. "Hammas. Si dzina la munthu limenelo. Akuti dzino. Elof akulira dzino."

Sixten anakhazika kapu yake pansi.

"Anayamba liti kunena zimenezi?" anafunsa azakhali Aili.

Sixten ndiye anayankha, maso ali patebulo. "Chipale chofewa cha m'chisanu chisanayambe kugwa."

"Chisanu chonse! Ambuye tichitireni chifundo. Chisanu chonse munthu akukuuzani kuti dzino, inu n'kumamuthira shuga pabala pomwepo?"

"Sindinadziwe, azakhali. Sanandiphunzitse. Akanandiphunzitsa..."

"Ndikudziwa kuti sanakuphunzitse. Ine ndinaona aphunzitsi akumukwapula m'manja chifukwa chopempha madzi m'chilankhulo cha amayi athu. Iwe utabadwa analumbira kuti mwana wake sadzakwapulidwa. Mlandu umenewo si wako. Koma mphuno uli nayo. Fungo ili ndalimva ndili pakhomo. Iwe sunalimve?"

"Ndinkayesa ndi ukalamba."

"Inenso ndine wokalamba. Bwera undinunkhize."

Azakhali Aili anauza Sixten kuti ayatse tochi ya pafoni, n'kuwanyengerera achimwene awo ngati mwana mpaka anayasamula. Gunvor anasuzumira kamodzi kokha n'kugwira pakamwa pake. Mano a m'munsi anali atakutidwa ndi litsiro louma ngati mwala. M'mphepete mwa nkhama anali atadyeka, akuda bii. Kumanzere, mbali imene Sixten anagwira powameta, kunali chotupa chotuluka mafinya.

"Amatsuka ndani m'kamwa umu?"

"Amatsuka okha," anatero Gunvor. "Ndimawalowetsa kubafa, ndimawapatsa mswachi, ndimatseka chitseko. Ndinkafuna kuti chimodzi chokha chiwatsalire chochita okha. Zina zonse tawalanda."

"Munthu waiwala dzina lako, ndiye akumbukire ntchito ya mswachi?"

Sixten anapita kubafa n'kubwera nawo mswachiwo. Unali wouma gwa, watsopano ngati wa m'sitolo. Chubu cha mankhwala otsukira mano chinali chodzaza. Anaziika patebulo mwakachetechete.

"Nena, Sixten," anatero Gunvor. "Ndikuona kuti chili pakhosi. Nena za mayi uja."

"Sindinena kanthu."

"Ndinena ndekha. Azakhali, masamba akuyoyoka kunabwera mayi wa kuchipatala cha mano, amene amayendera okalamba m'makomo kuwaona m'kamwa. Ulere. Anafika mpaka pakhonde apo, chikwama m'manja. Ine ndinamubweza. Ndinati bambo anga si hatchi yoti mlendo aziwasuzumira mano. Ndinamuuza kuti m'nyumba muno timadzisamala tokha."

Azakhali Aili anayang'ana nkhope ya mwana wa mchimwene wawo, n'kutembenukira kwa mwamuna wake.

"Sixten," anatero, "kalize ngolo yako ija."

Kuchipatala cha mano m'tauni anawalandira tsiku lomwelo. Azakhali Aili anakhala pambali pa mpando akumasulira, atagwira dzanja lomenya lija. Dokotala anabaya jakisoni wochititsa dzanzi, n'kuzula dzino la chotupa ndi lina loyandikana nalo. Anati ena angapo sangapulumuke, adzawazula chotupa chikaphwa. Otsalawo akanatha kukhala, ngati wina angawasamale.

Sabata yotsatira anabwereranso kuti akawapale litsiro louma lija, ndipo amene anatsegula chitseko anali mayi yemwe uja wa pakhonde. Dzina lake anali Maj-Lis. Gunvor anafuna pansi patang'ambika.

"Mwina simukundikumbukira," anayamba.

"Ndikukukumbukirani. Khonde lanu lili ndi maluwa okongola. Bwerani muime apa muone, chifukwa ntchito yaikulu ndi yanu, si yanga."

Gunvor akanakonda kuti mayiyo amukalipire. Kukoma mtimako kunamupweteka kuposa mawu a azakhali. Anaima n'kumaonerera kachitsulo kakupala dzino limodzilimodzi, zidutswa zachikasu zikugwa.

"Izi mswachi sungachotse, zikauma zimafuna ife," anatero Maj-Lis. "Muzibwera nawo pakapita miyezi ingapo. Koma zofewa za tsiku ndi tsiku ndi zanu, m'mawa ndi madzulo, ndi mankhwala otsukira mano. Mapiritsi amene amamwa a matenda awowa amaumitsa malovu, ndiye m'kamwa mulibe chotsuka shuga. Kambulu kamodzi kakagona m'tsaya, kamagwira ntchito mpaka kucha."

"Ndiye ndisawapatsenso?"

"Pa khofi wa pambuyo pa chakudya apatseni, asangalale. Koma osati tsiku lonse, ndiponso osati pogona. Akabuula, muyambe mwafunsa chimene chikuwawa. Ndipo musawadzere kumaso ndi mswachi ngati mukudzawabaya. Muime kumbuyo, mutu wawo utsamire pamimba panu, dzanja lina ligwire chibwano mofatsa."

"Nanga akakana?"

"Mudzayesenso nthawi ina. Koma ndisakunamizeni. Mukalephera kulowa m'kamwa umu, otsalawa aola msanga, ululu ubwerera, ndipo manja awo abwereranso."

Sixten anamva mawu amenewo, ndipo ali m'galimoto anawabwereza.

"Sindikukuopseza, Gunvor. Inenso ndili ndi mlandu, ndinalandira chibakera osafunsa chifukwa chake. Koma a kukhonsolo sindinawayankhe. Bambo akalola kuti uziwatsuka, akhala. Akakana, apite kumene kuli manja ambiri. Sindilola kuti alirenso chisanu china ife tikuonerera."

"Wanena zoona," anatero Gunvor. Aka kanali koyamba kuvomereza osatsutsa.

Chotupa chinaphwa. Bambo Elof anayamba kudya phala ndi nsomba yophika, ndipo kumenya kunachepa. Koma mswachi anaukana. Gunvor akaima kumbuyo kwawo monga anamuphunzitsira, iwo ankaluma mano n'kupotoza khosi. Tsiku lina anauphumitsa mswachiwo mpaka unakagwera m'chidebe cha nkhuni. Ndipo tsiku lonse ankaloza kachitini ka pashelefu, akuyang'ana mwana wawo ndi maso odandaula, osamvetsa chimene analakwa kuti amanidwe. Gunvor ankatulukira pakhonde kukalira.

"Akundiopa, azakhali," anatero Lachisanu Loyera, atabwera kuchokera kumapemphero. Azakhali Aili anali asanabwerere kwawo. "Akudziwa kuti ndine ndinawachita zimenezi."

"Sakudziwa kanthu. Iwe ndiwe ukudziwa, ndipo manja ako akunjenjemera ngati a wakuba. Ukamugwira chibwano amamva mantha akowo. Wapempha chikhululukiro?"

"Ndapempha kwa Mulungu. Ndapempha kwa mlaliki, wandiuza kuti ndikhulupirire kuti zakhululukidwa. Koma sichikuchoka."

"Sunalakwire mlaliki."

"Ndiwapempha bwanji munthu amene samva chilankhulo changa?"

"Uphunzire chake. Wakula mokwanira, palibe akukwapule."

Anakhala patebulo masana onsewo, azakhali akutchula, Gunvor akubwereza. Anali mawu ochepa chabe, amene timapemphana ife okhulupirira tikalakwirana, koma lilime lake linkapunthwa.

"Ayi, ayi! Pamenepo wawapempha kuti akubwereke nsapato. Bwerezanso. Talikitsa pakatipo. Iwe Sixten, usaseke, iwe ndiye ungathyoke nsagwada."

Loweruka m'mawa kunacha bwino, madzi a chipale chosungunuka akudontha kuchokera padenga. Linali tsiku lomaliza loyankha a kukhonsolo. Sixten anakhala patebulo, foni ili pafupi ndi kapu yake. Bambo Elof anali atamaliza phala, ali pampando wawo wa pawindo.

Gunvor sanapite kumbuyo kwawo. Anagwada kutsogolo, n'kuika mswachi pansi, n'kugwira mawondo a bambo ake. Ananena mawu aja pang'onopang'ono, monga anawaphunzirira. "Bambo, ndakulakwirani. Kodi mungandikhululukire?"

Bambo Elof anasiya kuyang'ana mtsinje. Anamuyang'ana mkazi wogwadayo, nsidze zitakwinyika, ngati munthu amene wamva mawu a kwawo pakati pa alendo. Gunvor anadikira. Ankadziwa yankho lake, analimva kuyambira ali mwana, kuti machimo onse akhululukidwa m'dzina ndi m'mwazi wa Yesu. Bambo ake anali atalinena kwa anthu osawerengeka m'mudzi muno. Azakhali Aili anatseka maso, milomo ikuyenda, ngati akuwakankhira mawuwo.

Mawuwo sanabwere. Milomo ya nkhalambayo inagwedezeka, inafunafuna, n'kusiya. Matenda aja anali atawalanda mawu amenewonso.

Gunvor anaweramitsa mutu pamawondo awo n'kulira, kulira kwenikweni kosabisa. Kenaka anamva dzanja lolemera lija likutera pamutu pake. Silinakungike. Linangokhala pamenepo, likusisita tsitsi lake la imvi mosadziwa bwino, ngati mmene munthu asisitira mwana wa eni amene wamupeza akulira panjira.

Patapita nthawi anadzuka, n'kupukuta maso ndi mkono. Anatola mswachi, anautsuka, anaikapo mankhwala, n'kuzungulira kumbuyo kwa mpando. Anatsamiritsa mutu wa bambo ake pamimba pake. Manja ake sankanjenjemera.

"Hammas, Bambo," anatero.

Bambo Elof anayang'ana m'mwamba, n'kuyasamula.

Munali mipata yambiri m'kamwamo, ndipo Gunvor anaiona yonse. Anatsuka otsalawo limodzilimodzi, mofatsa, m'mphepete mwa nkhama monga anamuonetsera Maj-Lis. Thovu linatsikira pachibwano, azakhali Aili n'kulipukuta ndi mpango wawo wa kumapemphero.

Sixten anatenga foni n'kutulukira pakhonde. Chitseko anachisiya chotsegula, ndipo onse anamumva akutsokomola kaye asanayankhule.

"Inde, ndi Sixten. Malo aja mupatse wina. Bambo akhala konkuno."

Mulungu amene amamva kubuula kumene ife sitikumvetsa akudalitseni, inu owerenga. Akutsegulireni makutu pa okalamba a m'nyumba mwanu, alimbitse manja anu pa ntchito zazing'ono zimene palibe amaziyamikira, ndipo tsiku limene mawu adzakuthereni inunso, akuikireni pafupi munthu woti adzakumveni. Mtendere wake ukhale nanu. Amen.